Nyumba Imene a Fabiano Anachititsa Lendi

A Fabiano anabadwira m'komboni ya esiteti, m'nyumba za mizere zimene zimayang'ana ku fakitale. Agogo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, ndipo mudzi umene anausiya kumeneko palibe amene akuukumbukanso dzina. Bambo awo ankathyola tiyi. Iwonso anayamba ndi dengu kumsana, kenaka anaphunzira thirakitala, nakhala zaka zambiri akututa masamba kuchoka pa sikelo kupita ku fakitale. Anali munthu wa mawu ochepa. Anzawo ankati thirakitala inawadyera mawu.

Anakwatira a Eunice a ku Nchilamwela, ndipo monga mwa mwambo wa kuno anakakhala kwawo kwa mkazi. Kumeneko anamanga nyumba, anabzala mapeyala ndi nthochi, analima munda wa apongozi awo mpaka unasanduka wa akazi awo. Ana aamuna awiri anakula nakakwatira kutali. Wamkazi anali mmodzi, Sellah, ndipo anamwalira ali mtsikana. Mkamwini amakhala pamudzi chifukwa cha mkazi wake, ndipo mkaziyo akatsogola amakhala chifukwa cha ana ake aakazi. A Fabiano izi ankazidziwa, ngakhale sankazinena.

N'chifukwa chake atapuma ntchito, ndalama zimene kampani inawapatsa sanagulire njinga yamoto monga anachitira anzawo. Anagula kapoloti pafupi ndi msika wa pamphambano, pamene msewu wafumbi umatuluka m'tiyi kulowa m'midzi. Anamangapo nyumba ya njerwa zootcha, ya zipinda ziwiri, pabalaza ndi khonde, chimbudzi kuseri. A Eunice atabwera kudzaiona anawafunsa moseka ngati akukonzekera kuwathawa. Iwo anayankha kuti ndi ya lendi basi, yoti izigula sopo ndi feteleza. Onse awiri ankadziwa chimene nyumbayo inamangidwira, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Kuchititsa lendi anakuphunzira pochita. Woyamba kulowa anali mphunzitsi, amene anasamutsidwa chaka chisanathe. Wachiwiri anali wogulitsa kaunjika, amene ankaphikira pabalaza mpaka denga linada. Atatuluka ameneyo a Fabiano anaika malamulo awo: osaphikira m'nyumba, osakhoma misomali m'khoma, osabzala mtengo pabwalo, chifukwa kuno munthu akabzala mtengo amayamba kunena kuti malo ndi ake. Mwezi ukatha ankapalasa njinga kupita pamphambano, n'kukhala pakhonde, osalowa m'kati. Ankayang'ana zitseko ndi magalasi, n'kulandira zawo, n'kubwerera.

Achitatu kulowa anali a Crispin ndi akazi awo a Marita. Onse awiri anabadwira m'komboni ngati a Fabiano, koma iwo anakwatirana okhaokha a m'komboni, choncho panalibe mudzi mbali iliyonse. A Crispin anagwira ntchito yodulira tiyi moyo wawo wonse. Msana utayamba kukana, kampani inafuna nyumba yake, ndipo anatuluka ndi mphasa, mapoto ndi mpeni wawo wodulira. Mwana wawo mmodzi yekha, Hopeson, anapita ku Joni, ndipo patapita nthawi foni yake inasiya kulira. A Crispin ankachita ganyu kwa alimi a tiyi ang'onoang'ono. A Marita ankagulitsa zitumbuwa pamsika, ndipo mvula ikagwa ankalembedwa kuthyola tiyi kwa miyezi ya dzinja. Sanavutepo. A Fabiano akafika ankapatsana nawo moni m'Chilomwe, n'kukhala kaye pang'ono, kuyang'ana mitambo pamodzi.

A Eunice anamwalira mu February, mapeyala akugwa okha. Anadwala sabata yochepa. A Fabiano sanalire anthu akuona, ndipo ali okha sanalirenso. Ankadzuka, ankalima, ankadya zimene azilamu awo ankawapatsira. Chimanga chinacha, anakolola. Mvula inabweranso, anabzala, anapalira, anakololanso. Akafunsidwa kuti akupeza bwanji ankati ali bwino, ndipo sankanama: m'thupi simunkapweteka paliponse.

Kukolola kwachiwiriko kutatha, a Anderson, mlongo wake wa malemu, amene ndi mwini mbumba, anabwera nakhala pa mpando wa pansi pa peyala. Anayamba ndi za mitengo ya feteleza. Kenaka anatchula za Queen, mwana wa mng'ono wake wa a Eunice, amene anali atakwatiwa kumene ndipo analibe pogona pake kapena polima.

"Alamu, nandolo akauma tidzakhale pansi," anatero a Anderson.

A Fabiano anavomera ndi mutu. Anadziwa kuti akunena za kusudzula, mwambo umene abale a malemu amamasula nawo wamasiye kuti azipita. Sanakwiye. A Anderson anali atadikira nthawi yaitali kuposa ena. Mwana wamkulu wa a Fabiano, wa ku Thekerani, atamva anaimba foni kuti abwere azidzakhala naye, koma iwo anakana. Mwanayo nayenso ndi mkamwini kumeneko, ndipo bambo sangakakhale mlendo wa mlendo. Pogona panali pamodzi pokha, nyumba ya pamphambano ija, ndipo munali anthu.

Anapita pamphambano mu June, tsiku la chiperoni. Nkhungu inali itaphimba tiyi yense, kamvula kosamveka kakunyowetsa malaya. Anapeza a Crispin pakhonde atafunda bulangete, akunola mpeni pamwala, akutsokomola.

"Alandilodi, mwatipeza pakati pa mwezi. Kalendala yanu yathamanga?"

A Fabiano anakhala pansi, nafotokoza bwinobwino. Anati kwa akazi awo akuwasudzula nandolo akauma, ndipo nyumbayi akuifuna kuti alowemo okha. Anati sakuwathamangitsa lero, koma ayambe kuyang'ana kwina. A Marita anali ataima pakhomo ndi lichero m'manja. A Crispin anayesa mpeni pa chala.

"Tamva. Nyumba ndi yanu. Mutilole timalize kudulira."

Kudulira sanamalize. Mu July, kuzizira kutafika pachimake, a Jonas a pagolosale ya pamphambano anabwera pa njinga m'mawa kudzanena kuti a Crispin atisiya. A Fabiano anavala jekete n'kupita, chifukwa zinachitikira m'nyumba mwawo. Anapeza mipando yatulutsidwa, amayi adzaza pabalaza akulira, thupi lili m'kati. Pabwalo amuna anali atasonkha moto ndi nsungwi za mpanda umene a Fabiano anamanga okha. Anaona mpandawo ukuyaka, napeza pokhala, nakhala.

Foni ya Hopeson anaiyesa anthu osiyanasiyana, sinalowe. Wina anapita ku komboni kukafunsa ngati kuli wachibale, nabwerera ndi anzawo a ntchito okhaokha. A mpingo anasonkha za bokosi. Kwa amfumu kunachokera mawu oti malo alipo, kumapeto kwa manda, mbali imene amaikako alendo.

M'mawa mwake amuna anapita kumanda. Adzukulu, anthu okumba manda, anali ataima ndi makasu awo pansi pa mibawa, osayamba. Mkulu wawo, a Raphael, munthu wamfupi wa pakamwa posatopa, anati iwo sakumba pamene mwini maliro sanalembe. Wachibale ndiye amatenga khasu, n'kulemba pansi kumutu ndi kumiyendo, kenaka adzukulu n'kupitiriza. Anafunsa kuti wachibale ali kuti. Mame ankagwa kuchoka m'masamba. Mkulu wina wa mpingo anatembenuka.

"Nanga si anamwalirira m'nyumba mwanu, a Fabiano?"

A Fabiano anaganiza za chaka chimene chimbudzi cha panyumbapo chinagumuka ndi mvula, okumba n'kuima chimodzimodzi kudikira mwini nyumba kuti aloze pokumba china. Anaona ngati ndi zomwezo, ntchito ya mwini nyumba. Mwambowo ankaudziwa kuyambira kale, koma m'mawa umenewo mutu wawo unali ngati munda wa nkhungu, ndipo ankangofuna kuti anthu asiye kuima. Analandira khasu, nalemba kumutu, nalemba kumiyendo.

"Zikomo, achimwene a malemu," anatero a Raphael, akulavulira m'manja. "Tsopano nkhuku ya adzukulu ili kwa inu. Tisamve kuti alandilodi alibe khola."

Adzukulu anaseka monga amachitira pamaliro aliwonse.

"Ine si m'bale wawo. Ankangokhala m'nyumba yanga."

"Khasu silidziwa za lendi, bambo. Mwalemba, mwalemba."

Nkhuku anagula. Pa mwambo wa kumanda, ataitana woimira banja, anthu onse anayang'ana iwo, ndipo anaimirira. Anathokoza amfumu, a mpingo ndi adzukulu. Anafuna kunena china chokhudza malemu, koma chimene anachipeza n'chakuti a Crispin anali munthu wosunga nyumba ya mwini, sanakhomepo msomali m'khoma. Anakhala pansi. Tsiku lotsatira, pa kumeta, mayi wina anadutsa ndi lumo akudula tsitsi pang'ono pamphumi pa ofedwa. Anayamba ndi a Marita, kenaka anaima patsogolo pa a Fabiano. Iwo anavula chipewa. Potsanzikana, a Marita anagwada patali pang'ono, nati, "Muyende bwino, alamu." Kale lonse ankawatchula kuti alandilodi.

Mphepo ya August inadza ndi fumbi lake. Nandolo anauma, amayi anamenya, makoko anauluka m'mabwalo. Mu September a Anderson anaitana anthu. Anayala mphasa pansi pa peyala, limene linali litachita maluwa, njuchi zikulira m'mwamba. A Fabiano anakhala pamphasapo miyendo atatambasula. A Anderson anaimirira, nalankhula mwaulemu. Anati alamu anawasungira mlongo wawo bwino, pa moyo ndi pa matenda. Anati kuyambira tsiku limenelo awamasula: akafuna kukwatira akwatire, akafuna kudzaona manda njira ndi yotsegula. Anaika ndalama yachitsulo m'mbale. Amayi anawomba m'manja pang'onopang'ono. Sizinatenge nthawi.

A Fabiano anatenga njinga, matiresi, wailesi, khasu ndi sutikesi ya zovala. Malata, zitseko ndi mitengo zinatsala, pakuti zimenezo ndi za pamalo. Queen anawathandiza kumanga katundu pa njinga akulira, ndipo iwo anamuuza kuti peyala la kumunsi limafuna kuthira phulusa. Anakankha njingayo kudutsa m'tiyi wodulidwa, amene anali timitengo totuwa tokhatokha, mpaka pamphambano. Panyumba pawo sanaime. Anapempha a Jonas kuti asungitse katundu m'kachipinda ka kuseri kwa golosale, ndi kugonamo masiku ochepa.

Pamenepo ndi pamene anaona bwino chimene khasu lija linachita. A Marita anali asanasamuke, ndipo sakanasamuka. Namfedwa sachoka m'nyumba imene mwamuna wake anamwaliriramo asanasudzulidwe, ndipo womusudzula ndi wa kuchimuna. Hopeson sankapezeka. Wa kuchimuna amene mudzi unkamudziwa anali mmodzi, yemwe analemba manda. A Fabiano anakafunsa a Raphael, amene anawapeza akusoka nsapato pamsika, ngati palibe njira ina. A Raphael anati njira ndi yomweyo, ndipo ndi yofupika. Ena amadikira chaka, ena miyezi iwiri, palibe amene angawaletse.

"Mawu ali m'kamwa mwanu. Mukanena Loweruka, Lamulungu mwagona m'nyumba mwanu."

A Fabiano anafunsanso kuti nanga mayiwo akapita kuti. A Raphael anakweza mapewa, nati funso limenelo womasula safunsa, kodi a Anderson anawafunsa iwo? Kwa a Jean, akazi a a Jonas, a Fabiano anamva kuti a Marita akuti akapempha pakhonde kwa mnzawo wina ku komboni mpaka mvula igwe, ngati alonda a kampani angalole. Akalembedwa ntchito ya dzinja mwina adzapeza kona m'nyumba ya anthu a ganyu. Za pambuyo pa dzinja sananene.

Kachipinda ka a Jonas kanalibe zenera. Munkanunkha palafini ndi usipa, ndipo masana malata ankatentha ngati chiwaya. A Fabiano anapirira masabata angapo, kenaka anatchula tsiku, Loweruka lina la mu October.

Kunatentha kuyambira m'mawa. Kumwamba kunali koyera, mapiri osaoneka ndi utsi wa lupsa. Anthu anabwera ochepa: a Raphael, a Jonas ndi a Jean, akulu awiri a mpingo, amayi angapo a pamsika. Mthunzi panyumbapo panalibe, choncho anayala mphasa m'mbali mwa khoma. A Fabiano pofika anaona kuti katundu wamangidwa kale. Pakhonde panali mitolo iwiri ya m'zitenje, mapoto olowetsana, ndi mpeni wodulira wokulungidwa m'thumba la shuga. Chitseko chinali chotsegula. Pansi panali popolishidwa, makoma oyera, m'zipinda mopanda kanthu. Kuyambira pamene anaimanga anali asanaione nyumba yawo chonchi, yokonzeka kulowamo.

A Marita anakhala pamphasa ndi duku lakuda, miyendo atatambasula, maso ali pansi. Mbale inaikidwa patsogolo pawo. A Fabiano anaimirira, ndalama yachitsulo ili m'dzanja.

"Alamu, munatisungira m'bale wathu bwino, pa moyo ndi pa matenda."

Anaima. Mawu otsatira ankawadziwa onse, mwezi unali usanathe chiwamvereni. Ankadziwanso zimene zimabwera mawuwo akatha: kuwomba m'manja, kumanga katundu, msewu. Sanamve chisoni. Anayang'ana m'mtima mwawo monga munthu amayang'anira m'nkhokwe mu January, ndipo munalibe kanthu. Koma pakamwa sipanatseguke. Ntchentche inatera m'mbale, inauluka. Mayi wina anasuntha mwana kumsana.

"Lankhulani, bambo, dzuwa likutimaliza," anatero a Raphael.

"Nthawi sinakwane," anatero a Fabiano. "Ine anandidikira ndinakolola kawiri. Awa sanakolole n'kamodzi komwe. Chaka chithe kaye."

Anabweza ndalama ija m'thumba, nakhala pansi. Palibe anawomba m'manja. Akulu a mpingo anayang'anana. A Raphael anati akanadziwa sakanatseka msika wawo wa nsapato, ndipo anafunsa ngati thobwa limene linaphikidwa lidikirenso chaka. Anthu anamwa thobwalo ataimirira, nabalalika. A Marita sanathokoze. Anakhala pamphasapo mpaka onse atapita, kenaka anadzuka, nayamba kulowetsa mitolo m'nyumba umodziumodzi.

Madzulo a tsiku lomwelo a Fabiano anauza a Jonas kuti kachipinda kaja akufuna azilipira pamwezi. A Jonas anaseka mpaka kugwira kauntala, nati chibadwire sanaonepo landilodi wochita lendi moyang'anana ndi nyumba yake. Ataona kuti mnzawoyo sakuseka, anasiya, natchula mtengo. Anachotsamo migolo ya palafini, koma matumba a usipa anati alibe kwina kowaika.

Pamsika anthu analankhula kwa masabata angapo. Ena ankati mkuluyo akufuna kulowa chokolo mochenjera. Ena ankati imfa ya akazi awo inawasokoneza mutu. A mpingo anatuma munthu kudzawakumbutsa kuti asamapezeke panyumbapo dzuwa litalowa, ndipo iwo anati amva. Mwana wawo wa ku Thekerani anaimba foni mokwiya, kufunsa kuti anavutikira chiyani zaka zonsezo pa thirakitala. Iwo anamvetsera mpaka mayunitsi a mwanayo anatha.

Chizimalupsa chinagwa kumapeto kwa mweziwo, fumbi linagona. Mu November mvula yeniyeni inayamba, ndipo tiyi anaphuka usiku umodzi, mapiri onse n'kubiriwira. A Marita analembedwanso. M'mawa uliwonse ankadutsa pagolosale ndi dengu kumsana, pulasitiki atamanga m'chiuno. A Fabiano analibe munda wobzala chaka chimenecho, koyamba chikwatirireni. Ankathandiza a Jonas kutsitsa katundu, ndipo nthawi zina ankachita ganyu yopalira kwa anthu.

Mwezi utatha a Marita anabwera kuseri kwa golosale, zovala zitanyowa, manja akuda ndi utomoni wa tiyi. Anagwada pakhomo, namasula mfundo ya chitenje. A Jean anali atanena kale kuti kwa mlamu salandira lendi, n'zochititsa manyazi. A Fabiano analandira, chifukwa a Jonas nawonso ankadikira zawo. A Marita sanadzuke msanga.

"Alamu, chaka chimene munanena chija, tikuwerenga kuyambira liti? Pa maliro, kapena tsiku lija la mphasa?"

A Fabiano anayang'ana kunja. Madzi ankatsika m'malata kugwera m'ndowa ya a Jean.

"Sindinawerenge," anatero.

A Marita anadzuka. Anafunda pulasitiki kumutu, nawoloka msewu kupita kunyumba. A Fabiano anazungulira kutsogolo kwa golosale, napereka ndalamazo kwa a Jonas osazifunyulula, nabwerera m'kachipinda kawo.